Mfuti Ziwiri za a Gervazio

"Nanga jekete iyi atenga ndani?" anafunsa a Chrispine ataikweza m'mwamba.

Zovala za akulu awo, malemu a Gervazio, zinali zitatha kugawidwa. Abale ochokera kumudzi anali atanyamula mashati, nsapato ndi masuti a kutchalitchi n'kupita kukakwera minibasi ku Limbe. Pamkeka umene anayala pabalaza m'nyumba ya ku Kanjedza ija panangotsala jekete yansalu yolimba ngati tenti, imene malemuwo ankavala popita kokawombera chandamale, ndi mabokosi awiri aatali a mfuti.

"Atenge achimwene," anatero Vailet, mwana wamkazi wa malemuwo. "Ndiwo ankayenda nawo."

Kingstone anapukusa mutu. "Singandikwane. Adadi anali ochepa m'mapewa."

Mayi Bertha, mkazi wa malemuwo, anatambasula dzanja n'kuilandira jeketeyo. Anaiyala pamiyendo pawo. Paphewa lakumanja panali chigamba chachikopa chakalekale, chakuda ndi chong'alukang'aluka, pamene pankatsamira thako la mfuti. Paphewa lakumanzere panali china chatsopanoko.

"Ichi ndinasoka ndine," anatero mayiwo akuchisisita ndi chala. "Ankati phewa lakumanja lagwidwa nyamakazi. Ndinawauza kuti angosiya masewerawo, koma mukuwadziwa bambo anu."

Ankawadziwadi. A Gervazio anagwira ntchito yosula zitsulo ku wokeshopu ya sitima ku Limbe mpaka kupuma, ndipo anali munthu wokhulupirira muyeso kuposa mawu. Loweruka lililonse ankanyamula bokosi lawo kupita kubwalo la kalabu yawo kuseri kwa Chigumula, kumene anthu akuluakulu amagona chafufumimba padothi n'kumaboola pepala limene lili patali. Anansi a ku Kanjedza ankawaseka kumbali. Munthu wa mfuti zaka zonsezi, koma osabweretsako ngakhale nkhanga imodzi ya ndiwo! Zimene ankabweretsa zinali zikho, ndipo mayi Bertha ankadandaula kuti zimangowachulutsira fumbi pakabati.

Vailet anakhala chapakhomo, chikwama chili pamiyendo ngati mlendo wofulumira. M'nyumbamo anakuliramo, koma panali patapita zaka zambiri asakukhalamo momasuka. Iye anabadwa wamanzere. Ali mwana, bambo ake ankamumenya ndi supuni pachala akatola chakudya ndi dzanja limenelo. Atakula, bambowo anayamba kupita naye kubwalo kuja pamodzi ndi Kingstone, ndipo nkhondo ya dzanjalo inasamukira kumeneko. Mfuti ya kufakitale imene anali nayo inali ndi boliti kumanja, kamkono kaja kamene umakakweza n'kukakoka kuti khoko la chipolopolo lituluke ndipo china chilowe. Choncho ankamukakamiza kuwombera kumanja, ndipo zipolopolo zake zinkangomwazika.

Tsiku lina lampikisano mtsikanayo anachita mwano. Anasamutsira mfutiyo paphewa lakumanzere, ndipo zipolopolo zinayamba kulowa pakatikati penipeni. Koma akawombera ankayenera kudutsitsa dzanja pamwamba pa mfuti kuti apeze boliti, thupi lonse n'kusuntha, n'kuyambiranso kulunjika. Khoko lotentha linamuwotcha patsaya. Nthawi inamuthera asanamalize. A Gervazio anaimirira pamaso pa anthu onse n'kunena kuti, "Mfuti sanapangire anthu okhota. Ngati walephera kuwongoka, uzikhala kunyumba."

Vailet sanapondenso pabwalopo. Anapeza ntchito m'sitolo ya magalasi a maso ku Chichiri, n'kuchita lendi kanyumba kake. Ku Kanjedza ankabwera pa Khirisimasi, kupereka moni atagwada, kudya n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Pa Khirisimasi ina bambo akewo, amene sankakhudza munthu wamba, anamugwira mkono wamanzere popatsana moni. Anayendetsa chikhatho chawo kuchokera pachigongono mpaka kuchala, n'kunena mawu amodzi okha: "Wawonda." Iye anabwerera kunyumba kwake atakwiya. Ngakhale thupi lake lomwe linali lolakwika kwa iwo.

Sitiroko itawagwira, pakamwa panatsekeka. Vailet anakhala pambali pa bedi lawo kuchipatala akudikira chizindikiro chilichonse, koma iwo ankangoyang'ana kudenga mpaka anatsirizika. Chimene chinkamupweteka tsopano sichinali imfa yokha ayi. Bambo ake anapita osabweza mawu aja, ndipo iye ankaona kuti adzakalamba nawo.

A Chrispine anakhosomola n'kuloza mabokosi aja. "Tsopano nkhani yovuta ndi iyi. Ndinapita kupolisi dzana. Akuti mfuti sizingakhale m'dzina la munthu amene wamwalira. Alamu, inu mukuti bwanji?"

"Muno simugonanso mfuti," anatero mayi Bertha. "Ndinazipirira chifukwa cha eni ake."

"Kingstone ali nayo kale yake. Ndiye iwe Vailet usankhe imodzi, tikakuthandize za chiphaso. Yotsalayo tikapereka kukalabu."

"Bambo aang'ono, ine mfuti ndikatani nayo?"

"Mwana sachoka pamkeka wa bambo ake chimanjamanja. Shati wakana, wotchi wakana. Anthu adzati tinakumana."

Kingstone anagwada msangamsanga n'kutsegula bokosi loyamba. Munali mfuti yakale ija, thabwa lake lonyezimira ndi thukuta la zaka zambiri.

"Tenga iyi, mlongo wanga. Ya kufakitale siivuta. Anapanga zambirimbiri zofanana, ndiye chikaduka chinthu sipeya umamupeza. Aliyense kukalabu amaidziwa kuimasula kwake. Inayo ndi yochita kupangitsa. Akishoni yake adadi anakaitanitsa kwa mmisiri wina ku Joni."

"Akishoni ndiye chiyaninso?" anafunsa a Chrispine.

"Chitsulo chapakati, ankolo, mmene mumayenda boliti. Mpope wotulukira chipolopolo ndi thabwa zimadzamangidwa pamenepo. Yopangitsa imayenda mofewa, inde, ndipo imatseka chipolopolo mofanana nthawi zonse. Koma ili yokhayokha. Kasipuling'i kakaduka udzadikira mpaka imvi. Ndi ya anthu amene mpikisano uli m'magazi, osati munthu amene anasiya kalekale."

Mawu omalizawo anamulasa Vailet, koma sanaonetse. Anayang'ana mfuti yakaleyo. Inali yomwe ija inamuwotcha patsaya. Anaona kuti n'zoyenera ndithu kuti cholowa chake chikhale chimenecho.

"Chabwino, nditenga imeneyo kuti nkhani ithe," anatero akuimirira. "Amayi, ine ndizipita, mawa ndili kuntchito."

"Khala pansi," anatero a Chrispine. "Kingstone, tsegula linalo."

"Palibe chifukwa, wasankha kale."

"Iwe, kwathu katundu wa malemu sitigawa ali chitsekere. Chilichonse chimayalidwa pamkeka, ngakhale sokosi yobooka, kuti mawa wina asadzanene kuti anamubisira. Mmawa uja tinatulutsa matumba a mathalauza onse kunja, sunaone? Tsegula."

"Kiyi wake sindikudziwa kumene ali."

Mayi Bertha anamuyang'ana mwana wawoyo. Kenaka anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo, n'kutulutsa kakiyi kakang'ono. "Anali m'thumba la malaya amene anavala popita kuchipatala," anatero.

Kingstone sanamulandire kiyiyo. Anakhala pansi n'kutsamira khoma. A Chrispine ndiwo anatsegula bokosilo.

Fungo la mafuta a mfuti linadzaza pabalaza, fungo la manja a bambo awo, ndipo mayi Bertha anatembenukira kuzenera. Mfutiyo inali yaifupiko poyerekeza ndi inzake. Chitsulo chake chinali chotuwa, chosalala, ndipo thabwa lake linali la mlombwa, losemedwa pamanja. A Chrispine, amene mfuti ankangoziona m'manja mwa alonda a kubanki, anainyamula mwamantha. Anaiika paphewa lakumanja monga amachitira anthu ambiri, dzanja n'kumafufuza kamkono kaja. Sanakapeze. Anaitembenuza.

"Iii, koma mmisiri wa ku Joniyu anali ataledzera? Kamkono anakaika kuseri!"

Chikwama cha Vailet chinatsetsereka n'kugwa pansi, koma iye sanachitole. Maso ake anali pa boliti imene inatulukira kumanzere kwa mfutiyo.

"Achimwene," anatero chapansipansi. "Adadi sanali amanzere."

Kingstone anaphimba nkhope ndi manja.

"Analibe nyamakazi, amayi. Phewa lawo linali bwinobwino. Mfuti iyi itafika anayamba kuwombera kumanzere. Munthu amene anadzaza kabati iyo ndi zikho, kumaphonya pepala lonse ngati wobwera dzulo. Anzawo ankati mdala wayamba kusokonezeka. Ine manyazi ankandigwira. Ndinawafunsa kuti mukudzinyozetseranji, iwo anati, 'Ndikufuna ndimve chimene mwana uja ankalimbana nacho. Ndipo mfuti sungapatse munthu usanaiyese wekha.'"

"Nanga bwanji sanandipatse?"

"Ukufunsa ngati sukuwadziwa. Mwezi uno akuti thabwa likukhudza mpope, apalepo. Mwezi winawo akuti chowombera, chija umakoka ndi chala, chikulimba. Ndinkati ndikamuitane Vailet, iwo amvekere, 'Sinakonzeke.' Mfutiyo inali itakonzeka kalekale. Chimene chinkawakanika ndi kukuyang'ana m'maso."

"Ndiye iwe umafuna ipite kukalabu mwakachetechete?" anafunsa a Chrispine.

Kingstone anagwetsa misozi osaipukuta. "Ine ndi amene ndinkawanyamulira bokosi Loweruka lililonse, ankolo. Mvula, dzuwa, ine ndili pambuyo pawo. Sanandiuzepo kuti wawombera bwino. Kenaka ndikuona akukhala pakhonde masana onse akusema thabwa la munthu amene sabwera n'komwe. Zinandiwawa. Mpaka lero zikundiwawa."

Vailet anafuna kumukalipira, koma mkwiyo sunabwere. Anaona kuti mchimwene wakeyo nayenso anali akudikira mawu kwa munthu yemweyo, ndipo mawuwo bambo awo anapita nawo kumanda. Anamva chisoni chachikulu, cha iye mwini, cha Kingstone, ndi cha nkhalamba imene inkagona padothi kuseri kwa Chigumula anthu akuiseka.

Mayi Bertha anakankhira bokosi la mfuti yakale kwa mwana wawo wamwamuna ndi phazi. "Iyi ndi imene anapambanira zikho zonsezo. Kukalabu sikupita. Alamu, mukafunse kupolisiko ngati angailembe m'dzina la Kingstone, yakeyo ndiye apereke." Kenaka anaimirira ndi jekete ija m'manja. "Vailet, tabwera kuno."

Anamuveka ngati mmene ankamuvekera yunifolomu ali ku pulayimale, n'kumukokera kolala. Jeketeyo inamukwana. Vailet anapenya paphewa lake lakumanzere. Chigamba chatsopano chija chinali chitayamba kale kuda pakati, pamene thako la mfuti linkatsamira.

Analandira mfutiyo kwa bambo ake aang'ono. Analozetsa mpope pansi, kukona kopanda munthu, monga anaphunzitsidwira. Dzanja lake lamanzere linapeza boliti lokha, maso asanayang'aneko. Anaikweza n'kuikoka, ndipo inayenda mopanda phokoso, mopanda kugwira pena paliponse. Anasuzumira m'kati n'kuona kuti munalibe chipolopolo.

"Thabwalo ndi lalifupi," anatero Kingstone akupukuta mphuno. "Ndinawauza kuti muyeso wake ngolakwika. Sanandiyankhe."

Owombera amayeza kutalika kwa thabwa la mfuti ndi mkono wa mwini wake. Vailet anapinda mkono wamanzere n'kukhazika thako la mfutiyo m'kati mwa chigongono, chitsulo chitagona pamkonopo. Anatambasula chala. Chinakagwera pachowombera ndendende, osapitirira, osaperewera.

Kenaka anaitsamiritsa mfutiyo pamkeka pang'onopang'ono, n'kuika chikhatho chake chakumanja pachigongono chamanzere. Anachiyendetsa mpaka kuchala, monga anachitira bambo ake pa Khirisimasi ija.

"Amayi," anatero Vailet, "tsiku lija sindinawonde ayi. Ankandiyeza."