Dzenje lofika m'mawondo

Apongozi aamuna a Felesta anamwalira mu Okotobala, nthaka ya ku Manyamula itauma ngati njerwa. Bokosi linafika tsiku lomwelo kuchokera ku Mzimba, lonyezimira, la zogwirira zachitsulo. Analiitanitsa ndi Bestone, mwamuna wa Felesta, amene ankagwira ntchito ku Joni. Chimene chinavuta ndi manda.

Pamudzipo nyumba zinali zamalata, zina za sola padenga, zambiri zokhoma. Amuna amene anazimangitsa ankangoziona pa foni. Otsala anali a Enos ndi a Feston, onse a imvi. Anayamba kukumba m'mamawa wa tsiku lotsatira, koma dzuwa litafika paliwombo dzenje linali lofika m'mawondo. Bokosilo linali lotambalala kuposa la matabwa wamba, linafuna manda aakulu. M'nyumba ya siwa amayi anayamba kugwira zitenje pamphuno.

Felesta anapita kuseri kwa nkhokwe ndi kuimbira foni mwamuna wake.

"Bambo a Mavis, manda sakutheka."

"Bokosi walandira? Anthu akuti chiyani?"

"Akuti ndi labwino chomene. Koma manda sakutheka."

"Lemba aganyu. Ndatumiza kale zokwanira."

"Aganyu ake ati? Onse muli nawo komweko. Ndipo manda a bambo anu akumbidwe ngati chimbudzi, pa ganyu?"

Bestone anati abwana ake akumuyang'ana, adzaimbanso.

Pobwerera Felesta anakumana ndi a Wallace, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Dedza, amene anabwera kudzapepesa. Anali munthu wabwino ndithu. Atapereka chipepeso anayang'ana madenga aja n'kupukusa mutu mosirira.

"Komabe mayi, mudzi uno wapita patsogolo. Ku ofesi timautchula ngati chitsanzo."

"Yewo," anatero Felesta. "Khasu mumaligwira?"

A Wallace anaseka pang'ono, poyesa nthabwala. Ataona nkhope yake anati ali ndi msonkhano, nakwera njinga yamoto.

Kumanda Felesta anapeza a Feston atagona pansi pa mtengo, akupumira m'mwamba. A Enos anali m'dzenje atatsamira piki, m'manja muli matuza osweka.

"Tulukani, adada."

"Mwanakazi safika kuno anthu akukumba. Ukudziwa."

"Ndikudziwa. Mbwenu malemuwa tiwasunge mpaka Khirisimasi, eni mwambo akabwera ndi magalimoto."

A Enos ndi amene anaperekeza ana awo atatu kukakwera basi ya ku Joni, ndipo pa aliyense anathokoza Mulungu.

Felesta anamanga chitenje m'chiuno, natambasula dzanja. Nkhalamba ija inaligwira, inakwera movutikira n'kusiya piki pansi pomwepo. Felesta anatsikira m'dzenjemo.

Piki itagunda koyamba, a Enos anakhala pa mulu wa dothi n'kutembenukira kuthengo, kuti akadzafunsidwa adzanene kuti sanaone.