Mapazi a Sungeni pa Ufa

Chigayo cha gulu lathu ku Kawangware ndimatsekula ndine, sikisi koloko m'mawa, maminibasi a kuno, otchedwa matatu, asanayambe kusokosa. N'chifukwa chake mapazi aja ndinkawaona ndekha. Fumbi la ufa likatera pasimenti, m'mawa ndinkapeza mapazi a munthu wopanda nsapato, ochokera pamakina kulowera kukhomo, lamanzere lokhotera mkati. Akafika pakhomo ankathera pomwepo. Ine ndinkasesa msangamsanga anzanga asanafike.

Sungeni ndiye ankayenda choncho. Tinkamuseka kuti phazi limodzi likufuna kubwerera ku Ntcheu osatsanzika linzake.

Tinali amayi asanu ndi awiri a ku Malawi, ogwira ntchito m'mabungwe ndi m'matchalitchi muno mu Nairobi. Gulu lathu linayamba ngati la maliro: wina akamwalira kuno, thumba la ndalama zosonkha limukweze ndege akagone kwawo. Zinatha zaka zisanu popanda wofa. Ndiye ine Immaculata, pakamwa panga posatseka apa, ndinati ndalama zikungogona ngati mlamu waulesi, tigule chigayo tizigaya ufa woyera wa kwathu.

"Nanga wina akatisiya mawa?" anafunsa Sungeni.

"Iwe ndi thupi lakolo ungafe? Udzatikwirira tonse," ndinamuyankha, anthu n'kufa nazo kuseka.

Chigayo chisanathe miyezi inayi, Sungeni anagwa pokwerera matatu, osadzukanso. Thumba linali mbee. Tinamuika ku manda a ku Lang'ata, pakati pa anthu osamudziwa, m'busa akulephera kutchula dzina lake. Amayi ake anaonera mwambo wonse pafoni.

Koma chigayo, mwamanyazi ndinene, chinayenda bwino. Amalawi a ku Parklands ankatumiza maboda, akabaza a njinga zamoto, kudzatenga ufa, a m'makomo oyandikana nawo n'kuuzolowera. Tinalandira amayi asanu a konkuno kukhala mamembala, aliyense ndi mawu ake pamsonkhano. Mmodzi wa iwo, Mama Nekesa, anachotsa ana ake m'chipinda chodontha n'kuwabwezera kusukulu. Ndinkamuona akupukuta makina ngati akusambitsa khanda.

Chaka chino amayi a Sungeni anandiimbira foni. Mawu awo anali atatha.

"Mwanangu, ine ndatsala pang'ono. Malo pambali panga ndasunga. Kodi mnzanuyo adzagona kuchilendo mpaka liti?"

"Amayi, musadandaule, tibwera naye," ndinatero. Ndinalonjeza ndi mtima wonse, ndipo ndinalira.

Titafufuza za mapepala, kufukula ndi ndege, tinapeza kuti njira inali imodzi yokha: kugulitsa chigayo. Wogula analipo kale. A Deborah, apampando athu, anaitanitsa msonkhano Loweruka masana m'chigayo momwemo, titakhala pamatumba.

Ife sitikweza manja, chifukwa dzanja limaopa maso a anthu. Aliyense amapatsidwa njere ya chimanga ndi ya nyemba, n'kulowa yekha kuseri kwa makina kumene kumakhala chitini. Chimanga ndiye kuvomera kugulitsa, nyemba kukana. Amalawi tinatsala asanu ndi mmodzi, anzathuwo asanu. Aliyense ankadziwa mmene zithere, moti Mama Nekesa anali atavula kale epuloni yake n'kuipinda bwinobwino pamiyendo.

"Pole sana, dada," anandinong'oneza, kundipepesa m'Chiswahili. "Mtengeni mnzanu apite kwawo. Ife tiona zina."

Akanandikalipira bwenzi zitandiphwekera. Ndinalowa kuseri kwa makina njere ziwiri zili m'manja. Pamenepo ndi pomwe mapazi aja ankayambira m'mawa uliwonse. Ndinaima nthawi yaitali mpaka a Deborah anatsokomola. Kenako ndinaponya njere imodzi, inayo n'kuibisa m'mpango.

A Deborah anakhuthulira chitini pa lichero. Chimanga zisanu. Nyemba zisanu ndi imodzi.

Amalawi tinayamba kuyang'anana, aliyense kufufuza nkhope ya mnzake. Ine palibe anandiyang'ana kawiri. Si ndine ndinalonjeza? Si ndine ndinalira kwambiri pamaliro? A Deborah anandigwira phewa n'kunena kuti, "Pepani asisi, mwayesetsa." Ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Amayi a Sungeni sindinawaimbire. Foni yochokera kwa iwo inalira kawiri Lamulungu, ine ndikungoiyang'ana.

Lolemba ndinalawirira kuposa kale. Ndinkayembekeza kupeza mapazi ponseponse, mwina atazungulira mpando wanga. Ndinali wokonzeka kukalipiridwa. Ndinatsekula chitseko, kuwala n'kulowa.

Ufa unali utatera pansi monga mwa masiku onse, wosalala kuchokera pamakina mpaka pakhomo. Panalibe phazi ngakhale limodzi.

Ndinati mwina fumbi lachepa. Madzulo ndinawaza ufa ndi manja anga, wambiri ndithu. Lachiwiri panalibe kanthu. Lachitatu chimodzimodzi.

Zaka zitatu ndinkapemphera kuti mapazi aja asiye. Lero ndimafika m'mawa, tsache lili m'manja, n'kuima pakhomo kumuitana dzina chapansipansi. Sungeni anasiya kundipempha. Njere ya chimanga ija ikadali m'mpango.