Mawu a Gwakisa Anadulidwa Pakati

"Kwezani mawu! Uyo Gwakisa pa kanema!" anakuwa Sanga, wogulitsa nsapato, mpunga uli m'kamwa.

Onse amene ankadya nkhomaliro mulesitilanti ya pamsika wa Mwanjelwa anatembenukira kukhoma. Gwakisa, telala wa pamsikapo, anakonza kolala ya malaya ake. Dzulo lake atolankhani anamupeza pa makina n'kumufunsa za ganizo loti atsikana obereka azibwerera kusukulu. Nkhaniyo inkamukhudza, poti mwana wake Tumpale anali pakhomo ndi khanda. Anali atauza mkazi wake Subilaga kuti onse aonere nkhani za masana.

Nkhope yake inadzaza kanema yense. "Mtsikana wobereka asapondenso m'kalasi, adzawononga anzake," anatero Gwakisa wa pa kanemayo. Basi, chithunzi chinachoka. Wowerenga nkhani anati dziko lagawanika pawiri, chipani cholamula uku, otsutsa uku, ndipo anthu wamba ngati bambo ameneyu akukanitsitsa.

"Andidula!" Gwakisa anadzuka, supuni n'kugwa. "Ndinayamba ndi kuti 'ena amati'! Kumapeto ndinati zimenezo ndi zopusa!"

"Khalani pansi, akulu," anatero Sanga akuseka. Awiriwa ankakangana za ndale tsiku lililonse. "Anthu a chipani chanu mumakana chilichonse. Boma litati mvula igwe, inu mukhoza kuchita zionetsero."

"Ndiye iwe ukufuna atsikanawa abwerere?"

"Nanga! Mlongo wanga anathera pakhomo choncho, chikhalirecho masamu ankandiposa."

Mwini lesitilanti, mayi Mwaipopo, anamenya chikombe pa poto. "Tiyeni tione. Amene akukana muno akweze mkono."

Palibe anakweza. Mkulu wina wonyamula katundu anaukweza, koma ankangofuna kuwonjezeredwa nyemba.

"Nanga theka la dziko likukanalo limadyera kuti?" anafunsa mayiwo. Anthu anafa nacho chikhakhali.

Gwakisa yekha sanaseke. Anatseka shopu n'kukwera bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, kupita kunyumba.

Anapeza Subilaga akusenda nthochi pakhonde. Mayiyo sanamulonjere n'komwe.

"Mayi a Tumpale, anthu aja anandidula mawu."

"Ine ndikudziwa, bambo. Pakamwa panu ndimapadziwa, simumaliza nkhani mwachangu chotero. Koma mwana wanu wadzitsekera kuchipinda. Anzake akumutumizira kavidiyoko pa foni."

Gwakisa anagogoda. "Tumpale, mwanangu, sindinatero."

"Ndakumvani ndi makutu anga, bambo," anayankha mawu olira. "Ngati mumachita nane manyazi mukanandiuza ine, osati dziko lonse."

Anayamba kulongosola, koma anaona kuti mawu ake akungothera pachitseko. Anabwerera pakhonde n'kukhala pansi.

"Ndipita kuofesi kwawo akaulutse zonse."

"Pitani, akakuduleninso," anatero Subilaga. "Mwanayu chibadwire khandali, munamufunsapo ngati akufuna sukulu? Mumangonenera kumsika."

Apa Gwakisa anadzuka. Anapitanso pachitseko paja.

"Tumpale, sukulu ukuifuna?"

Kenaka loko anatembenuka.

"Nanga mwanayu?" anafunsa Tumpale.

"Ali ndi agogo ake awiri. Mmodzi amangokhala pa makina tsiku lonse. Tatuluka ndikuyeze, siketi yakale ija siingakukwanenso."

Lolemba m'mawa msika wonse unasiya zochita. Tumpale anali patsogolo mu yunifolomu yatsopano, Gwakisa pambuyo, atabereka khanda kumsana ndi chitenje cha mkazi wake. Amayi a tomato analulutira. Sanga anawathamangira ndi nsapato zakuda.

"Tenga, mwana wanga. Bambo akowa ndale sadziwa, koma lero aganiza bwino."

Pageti la sukulu Tumpale anapsompsona khandalo pamutu, n'kulowa osacheuka. Gwakisa anaimabe pomwepo mpaka belu linalira. Ndipamene anamva kamtsinje kofunda kakutsika ndi msana wake, kulowa m'lamba.

"Iwenso uli ndi maganizo ako eti?" anatero, akumusisita mdzukulu wake. Anamanga chitenje bwinobwino n'kuuyamba wa kumsika, poti makasitomala anali akudikira.