Mtengo Umene Unkatchinga Nsanja

Bambo atagwa ndi sitiroko, pakamwa panapotoka ndipo mawu anathera pomwepo. Chinatsala chamoyo ndi maso ndi dzanja lamanzere basi. Namwino amene ankabwera Lachiwiri lililonse sanandibisire. "Mayi, akafika kumapeto kwa mvula ikubwerayi, ndiye kuti Mulungu wangowakondera."

Ndinawagoneka m'chipinda cha kutsogolo, bedi litayang'ana pawindo. Kunja kwa windolo, pakamtunda, panali jakaranda amene malemu amayi anabwera naye m'kachitini ine ndisanayambe sukulu. Amayi atamwalira, bambo ankakhala pansi pake masana alionse, chipewa pabondo, osafuna munthu wowayankhulitsa.

Ana awo tilipo awiri. Ine wamkulu, wa khasu ndi beseni la madzi ofunda. Winayo ndi mng'ono wanga, amene tonse timangomutchula Chitsiriza. Iye amawerenga nkhani za masana pa kanema ina ya mumzinda, yosagwira ndi mlongoti wamba, yongooneka pa intaneti. Anachoka pakhomo zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo atakangana ndi bambo pakhonde, chifukwa anasiya maphunziro a uphunzitsi. Bambo anati, "Ukatuluka usadzabwerenso." Iye anatulukadi. Onse awiri mitu ngati miyala. Nditamuimbira za matendawa anati abwera akapeza mpata, ndipo mpatawo sunkapezeka.

Tsiku lina alamu anga, mchimwene wa malemu amuna anga, anabwera ndi kachidutswa ka nkhani za Chitsiriza pafoni. Atawaonetsa bambo, dzanja lija linagwira foni gwa! Anakana kuisiya. Kukhosi kwawo kunatuluka phokoso limene sindinalimvepo chiyambire. Ndinatuluka panja kukalira, ndipo ndili komweko ndinalumbira kuti mwana wawoyo azimuona tsiku ndi tsiku nthawi ya wani koloko, asanatseke maso.

Kulumbira n'kosavuta. Nyumba yathu ili m'chigwa, kumene ngakhale foni imafuna kuti uyime ndi mwendo umodzi.

Alamu, amene amadziwa chilichonse kupatula kukhala chete, anabweretsa kabokosi ka intaneti koikamo simu. "Aka ndiye mapeto a zonse, alamu." Kabokosiko kankagwira pachulu kuseri kwa khola la mbuzi. M'nyumba, pa TV pankangozungulira kagudumu kodikirira chithunzi, kuzungulira, kuzungulira, mpaka ine chizungulire. Tinakapachika pansungwi, tinakaika m'ndowa padenga, koma ayi ndithu. Ndiwanyamule bambo kupita nawo pachulu?

Ndinakwera basi kupita kutauni. Wa m'sitolo anati njira yabwino kuposa zonse ndi ya setilaiti, yosasamala za phiri kapena chigwa, koma zipangizo zinatha ndipo olembetsa ali pamndandanda. "Miyezi itatu, mwina inayi." Ndinamuyang'ana n'kumufunsa ngati imfa nayo imadikira pamndandanda. Anaweramitsa mutu, kenako anandiuza za njira yachitatu: kambale kokhomera padenga, koloza nsanja ya intaneti imene ili paphiri tsidya la chigwa. Chofunika n'chimodzi, kambaleko kaziiona nsanjayo popanda chotchinga.

Mmisiri wawo anabwera Lachisanu, nthawi yotentha ija mitengo itayoyola masamba. Anali bambo wa mumzinda, wa nsapato zoyera, waulemu ndithu. Anakwera padenga, anaika magalasi oonera patali m'maso, n'kufuula ali pomwepo.

"Mwayi wanu, mayi! Nsanja ndikuiona bwinobwino, pakati pa nthambi za mtengo woumawu."

Mtengo wouma! Ine ndinakulira pansi pa mtengo umenewo. Ndinkadziwa kuti suli wouma, kuti uchita maluwa, ndipo mvula ikangogwa masamba adzadzaza mpaka dzuwa osalowa. Mawu anafika pamlomo, ndinawameza. Ndinkafuna munthu mmodzi yekha wondiuza kuti zitheka, ndipo anali atandiuza. Ndinamugwirira makwerero potsika.

Madzulo a tsiku lomwelo TV inayaka, chithunzi choyera ngati madzi a pachitsime. Ndinatembenuza bedi la bambo kuti liyang'ane TV, windo linatsala cha kumbali.

Mawa lake wani koloko, uyo Chitsiriza, jekete yabuluu, tsitsi lokonza. "Mwaswera bwanji nonse kumene muli." Bambo anakweza dzanja lija pang'onopang'ono, kumuyankha. Anamvetsera zonse, za misewu, za mitengo ya mafuta, za nyengo, osaphethira. Ine ndili pakhomo la chipinda ndi thewera lawo lonyowa m'manja. Ndisaname, nsanje inandigwira. Ine wowasambitsa, wowatembenuza kuti asachite zilonda, sanandikwezerepo dzanja. Koma ndinasangalalanso, zonse ziwiri nthawi imodzi.

Zinayenda choncho milungu isanu. Kenako maluwa anagwa, mvula inabwera, masamba anaphukira monga ndinkadziwira.

Poyamba mawu ankangodukaduka. Kenako chithunzi chinayamba kuuma. Chitsiriza ankaima pakati pa mawu, pakamwa patapotoka ngati pa bambo ake, ndipo kagudumu kaja kankamuzungulira pamphuno. Bambo ankadikira, dzanja lili m'mwamba, mpaka litatopa n'kugwa pabulangeti. Pofika mlungu wachisanu ndi chiwiri, ngakhale nkhope sinkabwera. Bambo nawonso anali atayamba kukana chakudya, supuni ziwiri n'kutseka pakamwa.

Mmisiri anabweranso, anakwera, anatsika nkhope itagwa. "Mayi, mtengowu ndi wamoyo?"

"Unali wamoyo nthawi yonseyi."

"Bwanji simunanene?"

Ndinafunsa za chitsulo chachitali chokwezera kambale kaja. Anati chofika pamwamba pa mtengowo n'chochita kuitanitsa, ndipo denga lathu silingachilimbe mphepo ikaomba. Ndinafunsa zosadza nthambi. Anati nsanja ili kuseri kwa thunthu ndi nthambi zikuluzikulu, kusadza n'kungodzinamiza. "Ndi mtengo kapena kanema, mayi. Musankhe ndinu."

Ndinalowa m'chipinda, ndinagwada pafupi ndi bedi. "Bambo, mtengo wa amayi ukutchinga. Tikaudula mumuonanso Chitsiriza. Tidule?" Dzanja linanyamuka pang'ono n'kugwa. Kaya linati inde, kaya linati ayi, kaya linangotopa. Sindinafunsenso kachiwiri, chifukwa ndinali nditalumbira kale ndipo masiku ankatha.

Wocheka matabwa anafika m'mawa ndi makina ake. Ndinatseka windo ndi chitseko kuti phokoso lichepe, ngati kuti makina otero amamva chitseko. Mtengo wa zaka makumi anayi unatenga nthawi yochepa kuposa imene ndimatenga powasambitsa bambo. Utagwa, nyumba yonse inanjenjemera, mbale zinalira m'kabati.

Wani koloko inakwana. Ndinayatsa TV. Chithunzi chinabwera choyera kuposa kale lonse, mpaka ndolo za Chitsiriza ndinaziona.

"Mwaswera bwanji nonse kumene muli."

"Bambo, uyo! Wabwera!"

Dzanja silinanyamuke. Bambo, amene khosi lawo linali lisanatembenuke lokha chigwereni, anali atapotoza mutu kuyang'ana pawindo. Panalibe kanthu pamenepo, thambo loyera lokha, ndi dzuwa likulowa mwaukali mpaka pabulangeti. Misozi inkatsika mbali imodzi ya nkhope, kulowa m'khutu.

Apa ndiye ndinachita chinthu chimene chimandidyabe mpaka lero. Ndinawagwira chibwano, ndinawatembenuzira ku TV mwamphamvu, n'kukalipa. "Onani mwana wanu! Si amene mumamufuna? Muoneni!" Bambo anatseka maso. Chitsiriza anapitiriza kuwerenga za mlatho wina umene unakokoloka.

Kuyambira tsiku limenelo, wani koloko ikakwana ankatseka maso. Ndinapachika nsalu pawindo kuti dzuwa lisawaotche, koma nsaluyo ndi imene ankayang'ana tsiku lonse. Ndinapepesa kangati? Ndinawauza kuti ndidzala wina, ngati kuti munthu wa masiku owerengeka angadikire mtengo. Anamwalira patatha masiku asanu ndi anayi, m'mawa, ndikuwapukuta kumaso.

Mpata wa Chitsiriza unapezeka. Anafika tsiku loika maliro, pa galimoto ya kuntchito kwawo, maso atatupa. Tinakumbatirana, tinalira, pakuti ndi mng'ono wanga ndithu. Anthu atabalalika anazungulira nyumba yekha, ndipo ndinamupeza ataima pachitsa, utuchi ukadali mbwee pansi.

"Akulu," anatero, mawu ake omwe aja a pa TV koma akunjenjemera, "mtengo wa amayi wadula ndani?"

"Ine."

"Chifukwa chiyani? Bambo ankaukonda kuposa ife tonse. Simunkadziwa?"

Ndinayang'ana kambale kaja padenga, kakuloza nsanja yake popanda chotchinga, kenako ndinamuyang'ana iye.

"Unkakutchinga," ndinatero.

Ndinamusiya pomwepo n'kulowa m'nyumba kukachotsa zofunda pabedi.