Chikopa cha Babatoni wa a Makina

A Makina anaimba babatoni zaka makumi atatu m'bandi ya jazi ya ku Jenala, koma sanamvekepo pa wailesi ngakhale kamodzi. Babatoni ndi chigubu chokutidwa ndi chikopa cha ng'ombe, cha waya mmodzi, ndipo woimba amachikhalira ngati wakwera bulu. Maukwati a ku Jenala mpaka kwa Kaduya anthu ankavinira waya ameneyo. Tsopano zala zinali zitayamba kuuma ndi nyamakazi, ndipo mkuluyu ankaopa kufa osasiya mawu.

Mu 1997 anthu a wailesi anabwera pa Boma kudzajambula mabandi a kumudzi, m'mawa umodzi wokha. Julius, mtsogoleri wa bandiyo, anali atagula kiyibodi, kachinthu kamatama koimba besi ndi chala chimodzi. Ananena mosapsatira kuti babatoni akavuta, kiyibodi ilipo.

Tsikulo mvula inawapeza panjira. A Makina anavula jekete n'kufunditsa babatoni panjinga, iwo n'kunyowa ngati nkhuku, komabe chikopa chinamwa madzi. Atayesa kuimba pa Boma, kunangomveka phwa phwa. Chikopa chonyowa mankhwala ake ndi amodzi: kuchiwamba pamoto, chapatali, modekha, uku ukuchisisita ndi dzanja. Zimenezi a Makina ankazidziwa kuposa aliyense. Anapempha moto kwa mayi wina wokazinga tchipisi, n'kuyamba kuwamba.

Posakhalitsa anamva dzina la bandi yawo likuitanidwa m'holo. Mantha anawagwira. Kuthamanga si kufika, koma munthu amene wadikira zaka makumi atatu ungamuuze chiyani? Anasendeza chikopa pafupi ndi makala. Chinalira kamodzi kokha, phuu, n'kung'ambika pakati.

Anakhala pakhonde la holo atakumbatira chigubu chobooka, akumva Julius akuimba pakiyibodi besi yawo yomwe ija, imene anaipeka okha ali mnyamata. Anagwetsa misozi anthu akuona.

Patapita milungu itatu nyimboyo inamveka pa wailesi. Mkazi wawo Rozaria, amene ankadziwa zonse, anafuna kutseka wailesiyo, koma anansi anali atadzaza kale pabwalo.

"Bambo Makina, babatoni wanu tamumva. Dzanja limenelo silikalamba," anatero mmodzi.

A Makina anayang'ana zala zawo zopindika.

"Zikomo," anatero.