Kandalama ka M'thumba mwa Orval

Verna Pruett anapita ku shopu ya Hollis kukatsimikiza chinthu chimodzi basi: kuti malemu mwamuna wake, Orval, anali wabodza. Wabodza wa mtima wabwino, koma wabodza ndithu.

Anaika pa kauntala kandalama ka masenti asanu, kakale kaja kokhala ndi njati mbali imodzi. Kanali see, kosalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha.

"Ndakapeza m'thumba la buluku lawo," anatero Verna. "Chikwatiraneni nyimbo yawo inali imodzi: eti kameneka kangagule thirakitala. Ine ndinkati ayambe agula nsapato."

Hollis anakalambira pa malonda a ndalama zakale m'tauni yawoyo ya ku Nebraska. Anakagwira m'mphepete, n'kuseka.

"Mayi Pruett, a Orval ankandiimbira nyimbo yomweyo tikatuluka m'tchalitchi, koma kundionetsa ayi. Ankati maso anga ndi akuba." Anakatembenuza. "Tindalama iti anasula tambirimbiri, ukalamba wokha sukweza mtengo. Timayang'ana chaka, kachilembo ka mzinda umene anakasulira, kenako ngati sikanaperepeseke. Kachilembo ndikukaona, D, ka ku Denver. Koma chaka palibe. Pa ta njati chaka anachiika pamtunda, paphewa pa mkulu wojambulidwa kuseri kwa njatiku, ndiye n'chimene chimayamba kufufutika."

"Iwo ankati 1918, koma eti pansi pa 8 pali 7."

"Chaka chimenecho osula analakwitsadi pa tochepa, ndipo anthu amatilimbirana. Aliyense wolowa muno amalota komweko. Nanga inu munachiona chakacho chisanafufutike?"

Verna sanachione. Ali achinyamata Orval anamutambasulira dzanja kangapo konse kuti akaone, iye n'kumati watanganidwa. Zochita zinalipodi: ana, ng'ombe, denga lodontha, kuwonjezera apo mwamuna wolota dzuwa likuswa mtengo.

Hollis anatulutsa kabotolo. "Uyu ndi asidi. Ndikadontheza apa chaka chituluka, koma patsala chipsera chosachoka. Ogula amadana nacho."

"Donthezani, bambo. Chipsera pa masenti asanu n'chiyani?"

Anadontheza, chitsulo chinatuwa. Hollis anakatsuka, n'kuika kagalasi kokulitsira zinthu padiso. Nthabwala zinamuthera pomwepo. Anapereka kagalasiko kwa Verna. Manambala ankaoneka mwa chizimezime, koma ankaoneka: 1918, ndipo 8 uja anali wophwatalala pamutu, 7 akusuzumira pansi pake.

"Ankanena zoona akuluwa," anatero Hollis chapansipansi. "Akanakhala kuti anakatsekera m'kabokosi tsiku lomwe anakapeza, thirakitala mwina ayi, koma mukanamwetulira. Lero, ndi kuperepeseka uku ndi chipsera ichi, ndingokupatsani ya nsapato zija. Koma kanatha bwanji chonchi? Thumba lokha silimaliza chitsulo chotere."

Verna ankadziwa bwino lomwe. Orval sankayankha akamakalipiridwa. Ankangopisa dzanja m'thumba, maso pansi, chala chachikulu chikuyenda uku ndi uku pansi pa nsalu. Verna ankayesa mwano, n'kusonkhezera moto. Ndipo anali munthu wodziwa kukalipa, zimenezo ngakhale anansi akanaikira umboni. Tsopano chisoni chinamugwira, manyazi ali pomwepo.

"Si thumba," anatero.

"Mwati bwanji, mayi?"

"Chala chinali chawo, koma pakamwa panali panga."

Hollis anangofunsa ngati akufuna kukagulitsa. Verna anapukusa mutu, n'kukaika m'thumba la jasi lake. Pofika pakhomo chala chake chinali chitayamba kale kufunafuna posalala paja pamene Orval ankagwira, koma chinkangokumana ndi chipsera.