Beseni la Volker

"Iwe Hartmut, beseni langa lili kuti?" Ndinamufunsa ndisanamupatse n'komwe moni, pakhomo pa holo ina ku Hamburg. Mutu wake unali mbuu ndi imvi, koma ngongole siikalamba.

Beseni limenelo, lamalata, lochapira zovala, analitenga iye ndi mnzake, mwana wanga Volker, kalekale, muja ankadzitsekera m'khola lathu la ng'ombe ndi magitala ndi mawaya. Nyimbo zake zopanda mutu. Volker ankangomenya besenilo, du-du-du, osasintha, mpaka ng'ombe zinachepetsa mkaka.

"Kodi nyimbo imeneyi itha liti?" ndinkakuwa.

"Siitha, amayi, ili ngati msewu wopanda mathero," Volker ankayankha akuseka. "Za ku Amereka tatopa nazo, za makolo athu zikununkha nkhondo. Tikuyamba zathu."

"Kayambeni ndi mabeseni anu!"

Volker anamwalira akadali mnyamata. Zida zonse anzakewo anapita nazo. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi chokha chimene manja ake anagwira, ndiye nditamva kuti Hartmut akuimbitsa ku Hamburg, ndinakwera sitima yapamtunda.

"Amayi, khalani kaye mumve," anatero Hartmut.

"Sindinabwerere phokoso ine."

Koma miyendo inali itatopa, ndinakhala.

Holo inali thothotho ndi ana amene nthawi ija anali asanabadwe, ena a ku England, ena a ku Brazil. Mtsikana wa ku Japan anakwera pansanja, nagwada patsogolo pa beseni langa ngati ali m'tchalitchi. Anayamba. Du-du-du. Linali dzanja la Volker lenileni, ndi kuchedwa kuja kwa dzanja lamanzere, kumene kunayamba atathyoka mkono pogwa mumtengo wa maapozi. Mtsikanayo anangomva m'zimbale zawo zakale, n'kuphunzira ndi chilema chomwe! Mitu yonse inkaweyuka pamodzi ngati tirigu pamphepo, ndipo kwa nthawi yoyamba sindinafune kuti nyimboyo ithe.

Atamaliza, Hartmut anabwera nalo atalinyamula ndi manja awiri.

"Nali, amayi. Tathana."

Ndinasisita pansi pake pokumbikakumbika. Panali pakutenthabe.

"Lobooka chonchi ndichapiramo chiyani? Mpatse mwanayo. Koma umuuze asiye mantha, mwiniwake ankamenya ngati ali nalo chifukwa."

Ndinabwerera chimanjamanja. M'sitima monse zala zanga zinkagogoda pamawondo, kumanzere kukuchedwa pang'ono.